Filimu Ikakusandutsani Nkhoswe wa Wopha Anthu

Pa 9 Okutobala 2002, boma la Florida ku America linapha Aileen Wuornos pomubaya jakisoni wa poizoni. Mayiyu anali atawombera amuna 7 m'mbali mwa misewu ikuluikulu ya kumeneko pakati pa 1989 ndi 1990, n'kumawalanda ndalama ndi magalimoto. Omulira anali owerengeka. Anthu ankamudziwira m'manyuzipepala ndi pa wailesi yakanema: mayi woyendayenda wa nkhope yolusa, amene anatukwana omuweruza atangomva kuti wapezeka wolakwa. Patangopita chaka ndi miyezi iwiri kunatuluka filimu ya moyo wake yotchedwa Monster, ndipo ambiri amene anakaionera anatuluka akupukuta misozi. Ankalirira mayi yemwe uja.

Filimu yotere ikatha, mkangano wake umakhala womwewomwewo kulikonse. Wina amati, "Koma mayi uja dziko linamulakwira." Mnzake amati, "Iwe, wopha anthu ndi wopha anthu basi, zisakunyenge nyimbo zachisonizo." Wachitatu sayankhula. Wangoti kakasi, akudabwa kuti zatheka bwanji kuti kwa maola pafupifupi awiri mtima wake unali kumbali ya munthu wa mfuti. Wachitatuyu ndi amene ali ndi funso lenileni: kodi filimuyi yandisintha maganizo? Yankho langa ndi lakuti kawirikawiri maganizo amakhala omwe aja, chimene chasuntha ndi malo amene munthu wakhala pomvera mlanduwo. Kusiyana kwa ziwirizi kumamveka bwino tikaganizira za ntchito imene banja lililonse kwathu kuno limaidziwa, ntchito ya unkhoswe.

Taganizirani bambo amene ndi nkhoswe wa mwana wa mlongo wake. Usiku anthu atagona akumva "Odi" wa chapansipansi. Potsegula, ndi mnyamata uja, malaya atang'ambika paphewa, kajumbo ka zovala kali m'manja.

"Amalume, kunyumba sikuli bwino."

"Lowa, mwanawe. Wadya?"

Mayi a pakhomopo akudzuka n'kumutenthetsera mkute. Ndiye nkhani ikuyamba, koma siyambira pa zimene zachitika madzulo ano ayi. Ikuyambira kutali: ntchito imene inatha, ngongole ya katapila, mawu amene apongozi anamunena pamaliro anthu akumva, usiku umene anamutsekera panja. Amalume akumvetsera mpaka tambala woyamba. Mnyamatayu anamunyamula ali khanda. Akudziwa kuti bambo ake anamusiya akukwawa, akudziwanso kumene chipsera cha pachipumi chija chinachokera. Pofika pamene mnyamata akuti, "Ndiye ine mtima unandipsa, ndinamumenya," mawuwo akugwera pa mtima umene wafewa kale.

Amalumewa sanasanduke munthu wokonda nkhanza. Mutawafunsa ngati kumenya mkazi n'kwabwino, akana kwamtuwagalu. Chachitika n'chakuti amva nkhaniyo m'nyumba mwawo, kuchokera pakamwa pa munthu wawo, ndiponso mwandondomeko imene wolakwayo wasankha: zowawa zake patsogolo, cholakwa chake pambuyo. Filimu ya wopha anthu imakuchitani zomwezi. Imakulowetserani munthuyo m'nyumba n'kukusenzetsani unkhoswe umene simunaupemphe.

Taonani mmene Patty Jenkins, amene analemba ndi kutsogolera Monster, anayalira nkhani yake. Aileen sitikumupeza ataima pa mtembo. Tikumupeza atakhala pansi pa mlatho wa msewu, mvula ikugwa, mfuti ili m'manja, akuganiza zodzipha. M'thumba muli madola 5 okha, ndipo akuti ayambe wawamwera mowa asanafe. M'bala mmene walowamo akukumana ndi mtsikana wamanyazi, Selby, amene akumuyang'ana ngati munthu. Kenaka tikumuona akuyesa kusiya uhule. Wavala zovala zaulemu zomwe sizikumukhala, wakwera njinga, akugogoda ofesi ndi ofesi kufuna ntchito, ndipo kulikonse akumunyoza poti alibe pepala lililonse la sukulu. Akubwerera kumsewu. Mwamuna amene wamutenga tsiku limenelo akupita naye kutchire, akumumenya, akumumanga manja, akumuchita zankhanza zosati n'kulemba pano. Mfuti ikalira koyamba, woonera amapumira m'mwamba. Pamenepo unkhoswe wakhazikika, ndipo imfa zonse zotsatira muziziona mutaima kumbuyo kwa Aileen.

Za ubwana wake filimuyi sinakokomeze, inachita kuchepetsa. Aileen anabadwira ku Michigan mu 1956. Mayi ake anamusiya kwa agogo asanakwanitse zaka 4. Bambo ake sanawaonepo: anamangidwa chifukwa chogwiririra kamtsikana, ndipo anadzimangirira m'ndende momwemo. Ali ndi zaka 14 anatenga pakati, mwanayo n'kukaleredwa ndi anthu ena, ndipo ali ndi zaka 15 agogo ake aamuna anamupirikitsa pakhomo. Ankagona kutchire m'dera la chisanu choopsa, akugulitsa thupi kuti adye. Nkhoswe aliyense atamva mbiri yotere angapukuse mutu.

Onjezanipo womuyankhulira. Charlize Theron, wa ku Benoni ku South Africa, amene anasewera ngati Aileen, ananenepa dala, anameta nsidze, anavala mano oikirira, mpaka anthu sanamuzindikire. Analandira mphoto ya Oscar pa 29 Febuluwale 2004, lomwe mwangozi chabe linali tsiku lokumbukira kubadwa kwa Aileen. Aileen weniweni m'khoti ankalalata, maso ali tong'o, ndipo aliyense womuona ankabwerera m'mbuyo. Pa kanema mlandu wake unadandaulidwa ndi katswiri wodziwa pamene mlomo uyenera kunjenjemera ndi pamene diso liyenera kugwa pansi. Wolakwa aliyense atapeza womuimirira wotere, ndende zikanachepa anthu.

Musaganize kuti pamafunika mbiri yomvetsa chisoni nthawi zonse. Kamera payokha imakwanitsa. Mu Psycho, filimu ya Alfred Hitchcock ya 1960, mtsikana waphedwa m'bafa. Norman Bates akukolopa magazi, akukulunga mtembo, akuuika m'buti ya galimoto n'kukankhira galimotoyo m'dambo la matope. Ikumira pang'onopang'ono. Kenaka yaima, denga likadali pamtunda. Norman akuyang'ana uku ndi uku. Ndipo inu woonera, munthu wopemphera, amene posachedwapa munali kumbali ya mtsikanayo, mukupezeka mukunena chamumtima kuti, "Mira, mira!" Ikamira, mtima wanu n'kukhala m'malo. Palibe wakuuzani kuti Norman akuchita bwino. Mwangotsala naye awiriwiri kwa mphindi zingapo, nkhope yake ili pafupi, ndiye nkhawa yake yakulowani. Akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Melanie Green ndi Timothy Brock, anasonyeza mu 2000 kuti munthu akalowerera m'nkhani amachepetsa kutsutsa zimene ikumuuza ndipo amayamba kukonda anthu a m'nkhanimo, ngakhale atamuuziratu kuti ndi yopeka.

Koma unkhoswe weniweni suthera usiku womwewo. Kukacha, kapena Loweruka likudzalo, ankhoswe a kuchikazi amafika. Mkazi amakhala pamkeka n'kuchotsa chitenje chimene wadziphimba nacho kumaso, diso lotupa lija n'kuonekera. Amafotokoza yake: kuti aka si koyamba, kuti ndalama za katapila zija zinathera ku mowa, kuti ana anathawira kwa aneba. Amalume aja, amene usiku uja anali okonzeka kumenyera nkhondo mwana wawo, amayang'ana pansi. Samutaya, amakhalabe nkhoswe wake, koma mawu awo tsopano amakhala akuti, "Mwana wathuyu walakwa. Tikupempha kuti mumvenso kumene wachokera." Mlandu umaweruzika chifukwa mbali zonse ziwiri zafika pabwalo.

Mu filimu ya wopha anthu mbali inayo siifika. Ili kumanda. Amuna amene Aileen anawapha timangowaona mwachidule, m'galimoto, pa nthawi imene munthu sangafune kuti abale ake amuone, ndipo mayina awo anasinthidwa. Komatu anali ndi mayina ndi makomo. Troy Burress ankayenda ndi galimoto kugulitsa masoseji. Charles Humphreys anali atapuma usilikali wa ndege ndipo ankagwira ntchito yofufuza milandu ya nkhanza kwa ana, ntchito yoteteza ana onga Aileen wa zaka 14 uja. Peter Siems, wa zaka 65, ankachita utumiki wachikhristu, ndipo thupi lake silinapezeke. Palibe anatijambulira ubwana wawo. Palibe anaika nyimbo pamene abale awo ankadikira pakhomo mpaka kucha.

Pa munthu woyamba kuphedwa, Richard Mallory, nkhani ndi yopota. Aileen anauza khoti kuti bamboyu anamugwiririra. Sanamukhulupirire. Atagamulidwa kale, atolankhani anatulukira kuti Mallory anamangidwapo ku Maryland pa mlandu wofuna kugwiririra mkazi, zimene omuweruza aja sanazimve. Koma Aileen yemweyo patapita zaka anatembenuza lilime, nati onsewo anawapha pofuna kuwabera, n'kupempha kuti asamuchedwetse kufa. Nick Broomfield wa ku Britain, amene anamujambula ali m'ndende, anamutapa mawu akunong'ona, poganiza kuti kamera yazimitsidwa, kuti zoona zake ankadziteteza koma watopa ndi moyo wodikira imfa. Ndiye tigwire ziti? Jenkins anasankha imodzi n'kutionetsa ndi maso, ndipo chimene maso aona sichifufutika ndi mawu akuti "mwina".

Komabe ulemu wake ndimupatse, sanabise zonse. Munthu womaliza kuphedwa mu filimuyi ndi bambo wachikulire amene waima kuti athandize, sakufuna kugula thupi. Akumulonjeza malo ogona, akumuuza za mkazi wake ndi za mwana wake woyembekezera, wagwada akuchonderera. Aileen akulira, koma akuwombera ndithu. Amene amati filimuyi inayeretsa wakupha ndiye kuti pamenepa anatsinzina.

Nthawi zina mbali yosowayo imadzuka n'kuyankhula yokha, mokwiya. Mu Sepitembala 2022 Netflix inatulutsa filimu ya zigawo 10 ya Jeffrey Dahmer, amene anapha amuna ndi anyamata 17 pakati pa 1978 ndi 1991, ambiri a iwo anthu akuda a mumzinda wa Milwaukee. M'masiku 60 oyambirira anthu anaionera kwa maola opitirira 1 biliyoni. Mlongo wake wa Errol Lindsey, mmodzi mwa ophedwawo, anangoona pa kanema mayi wina atavala malaya ngati ake, tsitsi ngati lake, akukuwa mawu omwe iye anakuwa m'khoti mu 1992 pamene ankafuna kumulumphira Dahmer. Anati palibe anamufunsa. Ryan Murphy, amene anakonza filimuyo, anati anayesa kulumikizana ndi abale ndi abwenzi a ophedwa pafupifupi 20 koma palibe anayankha. Ine ndimaona ngati ukaitana anamfedwa iwo n'kukhala chete, akuyankha kale.

Mwezi wotsatira, nyengo ya Halloween itayandikira, eBay inachita kuchotsa pamsika wake zovala ndi magalasi zodzifanizira ndi Dahmer. Zoterezi zinachitikanso mu 2019. Netflix itaonetsa filimu ya Ted Bundy, amene anavomera kuti anapha akazi ndi atsikana 30, inafika pokumbutsa anthu pa Twitter kuti amuna ooneka bwino alipo ambirimbiri amene sanaphepo munthu. Chaka chomwecho Zac Efron, amene atsikana anakula akumusirira mu High School Musical, anasewera ngati Bundy. Ichi si chisoni, ndi kutengeka, ndipo ndi chimene ine ndimachiopa. Wochita chisoni amakumbukirabe kuti pali cholakwa. Wotengeka waiwala kuti panafa munthu.

Chigawo cha filimu ya Dahmer chimene ndimachiwerengera si cha ubwana wake kapena cha mikangano ya makolo ake. Usiku wa pa 27 Meyi 1991, mnyamata wa zaka 14, Konerak Sinthasomphone, wa banja lochokera ku Laos, anathawa m'nyumba mwa Dahmer ali maliseche, akutuluka magazi, akulephera kuyankhula. Atsikana achikuda amene anamuona anaimbira apolisi. Dahmer, mzungu woyankhula modekha, anauza apolisiwo kuti uyu ndi chibwenzi chake cha zaka 19 chimene changoledzera. Atsikanawo anaumirira kuti ameneyu ndi mwana, koma anauzidwa kuti asalowerere. Apolisi anamuperekeza mwanayo kubwerera m'nyumba momwemo, ndipo anaphedwa usiku womwewo. Dahmer anaphanso anthu ena 4 asanagwidwe mu Julayi. Woonera pamenepa maganizo ake pa Dahmer sasintha. Amayamba kuwaona mwanjira ina apolisi, n'kumadzifunsa kuti mumzinda umenewo mawu a ndani ankamveka.

Nanga pa nkhani ya chilango? Apa pali manambala, ndipo sakomera mafilimu. Dead Man Walking, ya Tim Robbins, inatuluka mu 1995, yochokera m'buku la sisitere wa Katolika wa ku Louisiana, Helen Prejean. Mwa mafilimu amene ndikuwadziwa, iyi ndi imene inaitana ankhoswe a mbali zonse. Sisitere akuyendera mkaidi woyembekezera kuphedwa, koma bambo wa mnyamata amene mkaidiyo anamupha akumuimitsa n'kumufunsa chifukwa chake sanaganizepo zobwera kwa iwo. Akupita, poyamba kwa bamboyo, kenaka kwa makolo a mtsikana amene anaphedwa limodzi ndi mnyamatayo. Akukhala pampando m'nyumba mwawo, akumva mmene mtembo wa mwana wawo unapezekera, ndipo iwo atazindikira kuti mkaidi uja sanamusiye, akumutulutsa. Pa mapeto, pamene mankhwala akupha akulowa m'mitsempha ya mkaidiyo, kamera ikutibwezera kutchire kukaona zimene iye anachita usiku uja. Susan Sarandon, amene anasewera ngati sisitereyo, analandira Oscar, anthu anakambirana kwambiri. Koma mu 1995 dziko la America linapha akaidi 56, ndipo mu 1999 linapha 98, chiwerengero choposa cha chaka china chilichonse chiyambire 1976. Kafukufuku wa Gallup anapeza mu 1994 kuti anthu 80 pa 100 alionse ankagwirizana ndi chilango cha imfa. Pofika 2024 anali 53. Kutsikako kunatenga zaka 30, ndipo zifukwa zimene zimatchulidwa kawirikawiri ndi kuchepa kwa umbanda ndi umboni wa DNA, umene unayamba kutulutsa m'ndende anthu osalakwa.

Ku Poland amatchula A Short Film About Killing ya Krzysztof Kieślowski, ya 1988. Imaonetsa mnyamata akupha woyendetsa takisi kwa mphindi pafupifupi 7, ndi chingwe kenaka ndi mwala, ndiyeno boma likumunyonga mnyamatayo mwadongosolo, mpaka kabeseni koikidwa pansi pa malo onyongerapo. Munthu womaliza kunyongedwa m'dzikomo ananyongedwa mu Epulo chaka chomwecho. Koma chaka chotsatira ulamuliro wa chikomyunizimu unagwa, zinthu zambiri zinasintha nthawi imodzi, ndipo lamulo lothetseratu chilangochi linayamba kugwira ntchito mu 1998. Filimuyo inathira nawo mawu. Kunena kuti inagamula yokha n'kuikuza.

Filimu imene palibe angatsutse kuti inatembenuza mlandu inabwera ndi umboni. Mu Novembala 1976 wapolisi Robert Wood anawomberedwa mumzinda wa Dallas, ku Texas, ataimitsa galimoto. Randall Dale Adams anagamulidwa kuti aphedwe, ndipo mu 1979 kunangotsala masiku 3 kuti chilangocho chichitike pamene khoti lalikulu la dzikolo linachiimitsa. Errol Morris, amene anagwirapo ntchito yofufuza milandu, anatenga kamera n'kumakhazika mboni imodziimodzi patsogolo pake. Anangozisiya ziyankhule mpaka zinadzikola zokha. Pa mapeto a The Thin Blue Line, ya 1988, pa kanema pakungooneka kamakina kotapira mawu, tepi ikuzungulira, ndipo David Harris, amene umboni wake unamangitsa Adams, akuvomera kuti munthuyo ndi wosalakwa. Mu Malichi 1989 Adams anatuluka, atakhala m'ndende zaka zoposa 12. Koma apa sipanafunike kumvera chisoni wopha munthu. Filimuyo inasonyeza kuti amene anamangidwayo si amene anapha.

Sindikuti chisoni cha nkhoswe n'chopanda ntchito. Amene anaonapo wakuba akuvekedwa tayala pamsika amadziwa mmene mlandu wopanda nkhoswe umathera. Malamulo enieniwo chisoni amachisiyira malo, koma pa nthawi yake. Khoti limayamba lafunsa ngati munthu anachitadi, kenaka limafunsa kuti alangidwe motani, ndipo mbiri ya moyo wake imalowa pa funso lachiwirili. Ku Malawi, mpaka 2007, aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha ankagamulidwa kunyongedwa, woweruza osaloledwa kuganizira china chilichonse. Pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, Khoti Lalikulu linati zimenezi n'zosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuyambira 2015 milandu ya akaidi otere inamvedwanso, maloya ndi owathandiza anayenda m'midzi kukafunsa abale ndi mafumu za moyo wa munthu aliyense, ndipo akaidi oposa 100 anatuluka. Vuto la woonera filimu ndi lakuti mafunso awiri aja amamufikira atasakanizika. Amamva yankho la funso lachiwiri, loti munthuyu anavutika, n'kumaganiza kuti wayankha loyamba. Mnzake uja wakuti "wopha anthu ndi wopha anthu basi" nayenso wasakaniza, kungoti chammbuyo: akuopa kuti akavomera kuti Aileen anazunzika ndiye kuti wamumasula.

Mlandu umene ukusonyeza zonsezi pamodzi ndi wa Lyle ndi Erik Menendez. Pa 20 Ogasiti 1989 anyamata apachibalewa, wina wa zaka 21 wina 18, anawombera makolo awo, José ndi Kitty, m'nyumba yawo ku Beverly Hills. Iwo anati bambo awo ankawagwiririra kuyambira ali ana. Boma linati ankafuna chuma, n'kusonyeza mawotchi odula ndi galimoto zimene anagula maliro atangotha. Mu 1996 anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse popanda mwayi wodzatuluka, ndipo kwa zaka zambiri anthu ankawaseka ngati ana a mpondamatiki olira misozi yabodza.

Mu Sepitembala 2024 Ryan Murphy yemwe uja anatulutsa filimu yawo. Chigawo chachisanu ndi usiku wa kwa amalume weniweni. Kwa mphindi zoposa 30, kamera osadula ngakhale kamodzi, Erik wakhala patebulo m'ndende akufotokozera loya wake zimene bambo ake ankamuchita. Loyayo timangomuona kumsana, ngati kuti pampando wakepo takhalapo ife. Kamera ikusendera pang'onopang'ono, mosazindikirika, mpaka nkhope ya Erik yadzaza kanema yense. Erik weniweni anaidzudzula filimuyo kuti yadzaza mabodza, makamaka pa mkulu wake. Komabe ofesi ya woimira boma pa milandu ku Los Angeles, George Gascón, inalandira mafoni ambirimbiri, ndipo mu Okutobala iye anapempha khoti kuti liwachepetsere chilango. Maloya a awiriwa anali atapereka kale umboni watsopano mu 2023, kuphatikizapo kalata imene akuti Erik analembera msuweni wake makolo asanaphedwe, koma nkhaniyo sinali pakamwa pa anthu ambiri mpaka filimu itaipukuta fumbi.

Pa mlandu uwu mbali ziwiri zonse ndi banja limodzi. Abale ambiri, a kuchimuna ndi a kuchikazi omwe, anati awiriwa alangika mokwanira. Malume awo mmodzi, mlongo wa Kitty, anakana mpaka tsiku la imfa yake. Gascón analuza chisankho mu Novembala, ndipo amene analowa m'malo mwake, Nathan Hochman, anatsutsa zowachepetsera chilango ponena kuti sanavomerebe mabodza awo onse. Komabe mu Meyi 2025 woweruza anasintha chilangocho kukhala cha zaka 50 mpaka moyo wonse, zimene zinawatsegulira mwayi wopempha kutuluka.

Mu Ogasiti 2025 anakaonekera, aliyense tsiku lake, pamaso pa komiti yoona zotulutsa akaidi ku California. Komitiyi inakhala ndi aliyense kwa maola pafupifupi 10. Inamva za nkhanza za bambo awo, inamva abale akuchonderera, inamvanso za ntchito zabwino zimene awiriwa agwira pakati pa akaidi anzawo. Inatsegulanso mafayilo a kundende n'kuwafunsa za mafoni a m'manja amene onse awiri ankasunga mobisa, ndi chifukwa chake anawomberanso mayi awo. Onse awiri anakanizidwa, ndipo anauzidwa kuti adzapemphenso pakatha zaka 3.